Mkate Umodzi, Magome Aŵiri

Amai anzanga, m'midzi ndi m'matauni mwathu muli mabanja ambiri amene pa Lamulungu m'maŵa amadzuka pamodzi, namwera tiyi pamphasa imodzi, koma pofika pamphambano bambo amatsata njira yake, mai natsata yake. Wina akunka ku Misa, wina ku mapemphero a CCAP kapena a mpingo wina. Masabata ambiri zimenezi sizivutitsa munthu. Zimadzaŵaŵa pa tsiku la ukwati wa mwana, pa mwambo wa maliro a apongozi, kapena pamene mwana wachisamba alikulandira Ukaristia koyamba. Anthu amanyamuka kupita kutsogolo, koma mai amene adabereka mwanayo amatsala pabenchi atazyolika. Pofika kunyumba mwana amafunsa chifukwa chimene amai ake sadalandirire nao, ndipo ambiri a ife timangoti, "Ukadzakula udzamva." Chonsecho ifenso tidakula osamva. Tsono lero tiyeni tiifufuze nkhaniyi mofatsa, paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chiyambi chake tonse tichidziŵa. Mateyo, Marko ndi Luka, ndiponso Paulo m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, amasimba kuti usiku uja Ambuye Yesu adatenga mkate, nayamika, naunyema, nauza ophunzira ake kuti umenewo ndi thupi lake. Adatenganso chikho nanena za mwazi wake wa chipangano. Luka ndi Paulo amaonjeza kuti adaŵalamula kuti azichita zimenezi pomkumbukira. Mpaka apa palibe Mkhristu wotsutsa. Mlandu wonse wagona pa kaliwu kamodzi kokha, koti "ndi". Ife tomwe timakagwiritsa ntchito paŵiri. Mai akaloza khanda lili kumsana nati, "Uyu ndi mwana wanga," akunena mnofu ndi magazi. Mai yemweyo akatsitsa chithunzi pakhoma nati, "Aŵa ndi malemu amai anga," wanyamula pepala, komabe sakunama. Tikamati chibale ndi fupa, palibe amene amapita kukalifunafuna fupalo. Nanga pamene Ambuye adanyamula mkate uja, adalankhula monga mai woloza mwana, kapena monga mai woloza chithunzi? Pamenepa mpamene Akhristu akhala akusiyana maganizo kwa zaka zoposa 1,000.

M'zaka za m'ma 800, ku nyumba ya amonke ya ku Corbie m'dziko la France, kudali amuna aŵiri ophunzira kwambiri. Paschasius Radbertus adalemba kuti pa guwa timalandira thupi lomwe lija lidabadwa mwa Maria nilipachikidwa pamtanda. Mnzake Ratramnus adalemba kuti Khristu timamlandiradi, koma mwauzimu, pansi pa chizindikiro. Aŵiriŵa ankakhala m'nyumba imodzi, ndipo palibe amene adapirikitsa mnzake. Pambuyo pake zinthu zidalimba. Mphunzitsi wina dzina lake Berengar wa ku Tours adaitanidwa ku Roma mu 1059 ndiponso mu 1079, naumirizidwa kusiya maganizo ake onga a Ratramnus. Mu 1215 msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Lateran udakhazikitsa mau a kusandulika, ndipo msonkhano wa ku Trent udaŵatsimikiza mu 1551. Chiphunzitso cha Akatolika nchakuti wansembe akanena mau a Ambuye pa Misa, chenicheni cha mkate chimasanduka thupi la Khristu, ndipo chenicheni cha vinyo chimasanduka mwazi wake. Zotsala ndi maonekedwe, fungo, kulemera ndi kakomedwe. Nchifukwa chake Mkatolika amagwada poloŵa m'tchalitchi, ndipo nyali siizima pafupi ndi pamene Ukaristia wasungidwa.

Pamene Martin Luther adayamba kutsutsana ndi Roma mu 1517, ambiri adayesa kuti adzataya zonsezi. Iye adakana mafotokozedwe a kusandulika, koma adagwiritsa ndi manja aŵiri chikhulupiriro chakuti thupi ndi mwazi wa Ambuye zilipo ndithu pamodzi ndi mkate ndi vinyo. Adapereka chitsanzo cha chitsulo chimene wosula wachiika pamoto kufikira chitafiira: chitsulo chikadali chitsulo, koma sungachikhudze osakhudza moto. Ku Zurich m'dziko la Switzerland kudali mlaliki wina, Huldrych Zwingli, amene adatsata njira ina. Iye adalandira kalata yolembedwa ndi Cornelius Hoen wa ku Holland, yonena kuti kaliwu kaja koti "ndi" kamasuliridwe kuti "utanthauza". Hoen adayerekeza Mgonero ndi mphete imene mkwati amapatsa mkwatibwi. Ife tinganene kuti chikole. Mpango kapena kandalama kamene mnyamata adakupatsani pa masiku a chibwenzi sikadali mnyamatayo, komabe simukadalola kuti mng'ono wanu akaseŵeretse, chifukwa m'kanthu kameneko mudali lonjezo lake lonse. Zwingli adaonjeza kuti Ambuye adadzitchulanso mpesa ndiponso khomo, ndipo palibe amene amaganiza kuti adasanduka mtengo. Adatinso thupi la Ambuye lidakwera kumwamba, ndipo thupi lenileni la munthu limakhala pa malo amodzi.

Aŵiriŵa adanyozana m'mabuku kwa zaka zingapo. Kalonga Philip wa ku Hesse, mnyamata wa zaka 24, adaona kuti mfumu yaikulu Charles V ikhoza kuŵathira nkhondo onse amene adapatuka ku Roma, ndipo adadziŵa kuti mutu umodzi susenza denga. Choncho adaŵaitanira ku nyumba yake yachifumu ya paphiri ku Marburg, kumene adakambirana kuyambira pa 1 mpaka pa 4 October 1529. Luther adadza ndi Philip Melanchthon, Zwingli nadza ndi Johannes Oecolampadius wa ku Basel, ndipo Martin Bucer wa ku Strasbourg adalipo. Luther adatenga choko nalemba patebulo, m'Chilatini, mau aja Ambuye adanena ponyema mkate, kuti mtsutso ukakula aziloza pamenepo. Zwingli adatsamira pa Yohane mutu 6, pamene pakunenedwa kuti wopatsa moyo ndi Mzimu. Luther adayankha kuti Mulungu akanena chinthu, munthu sayenera kumpimira ndi nzeru za masamu. Potsiriza adalemba mfundo 15. Pa mfundo 14, zonena za Utatu Woyera, ubatizo, chikhulupiriro ndi zina, adamvana. Ngakhale pa mfundo yotsiriza adamvana zambiri, monga kuti anthu onse azilandira mkate ndi chikho chomwe. Chimene chidakanika ndi funso limodzi: kodi thupi ndi mwazi zilimo mu mkate ndi vinyo mwathupi? Zwingli adapempha, misozi ili m'maso, kuti alandirane ngati abale. Luther adakana. Adangolonjezana kuti azichitirana chikondi monga momwe chikumbumtima cha aliyense chingalolere, nabalalika msanga chifukwa mumzindamo mudagwa mliri.

Mabuku ambiri amatchula amuna okhaokha, koma akazi adaliponso pa nkhaniyi. Tsiku lotsiriza la msonkhano Luther adalembera mkazi wake Katharina kalata yomfotokozera mmene mtsutso udayendera, osamuyesa wosamva za Mulungu. Ku Strasbourg kudali mai wina, Katharina Zell, mkazi wa mbusa. Zwingli ndi Oecolampadius adagona kwa iye masiku 14 ali pa ulendo wa ku Marburg, iye naŵaphikira naŵatumikira. Atamva kuti msonkhano walephera, mai ameneyu adalimba mtima nalembera Luther, amene ankamlemekeza kwambiri, kumdandaulira kuti chikondi chisatayike chifukwa cha mtsutsowo. Khomo lake lidakhala lotsekukira othaŵa kwao a mbali zonse kufikira imfa yake mu 1562. Mkazi wa Zwingli, Anna, ndiye adamwa chikho choŵaŵa. Mu October 1531 mzinda wa Zurich udamenyana ndi madera a Akatolika ku Kappel, ndipo iye adataya mwamuna wake, mwana wake wamwamuna ndi abale ena pa tsiku limodzi.

Pakati pa Luther ndi Zwingli padadzaima John Calvin wa ku Geneva. Iye adavomereza kuti thupi la Ambuye lili kumwamba ndipo mkate sukusandulika, koma adakana kuti Mgonero ndi chikumbutso chopanda kanthu. Adaphunzitsa kuti pamene pakamwa pakudya mkate, Mzimu Woyera amadyetsadi mtima wa wokhulupirira ndi Khristu mwini wake. Mu 1549 Calvin adamvana pa zimenezi ndi Heinrich Bullinger, amene adaloŵa m'malo mwa Zwingli ku Zurich. John Knox adatengera chiphunzitsochi ku Scotland, kumene chidakhazikika mu 1560. Kumeneko nkumene kudachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed amene adafika ku Mvera mu 1889 adali a mtundu womwewo wa chiphunzitso. Akatolika adakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. A Anglican adayamba kufika ku Magomero mu 1861, ndipo amishoni ao adali a chigawo chokonda miyambo yakale ya paguwa, nchifukwa chake mapemphero ao kuno amafanana kwambiri ndi a Akatolika. Mipingo ina, monga ya Baptist, ya Seventh-day Adventist ndi yambiri ya Chipentekoste, imatsindika za chikumbutso, pafupi ndi maganizo a Zwingli. Mwaona tsono kuti mphambano ija bambo ndi mai amasiyanirana pa Lamulungu idalambulidwa kutali, makolo athu asanamve nkomwe dzina la Mgonero.

Wina angati, "Zonsezi nzachabe, Mulungu ndi mmodzi." Inde Mulungu ndi mmodzi, koma tisapeputse chinthu chimene akazi anzathu adafera. Tamvani za akazi aŵiri a ku England. Anne Askew adakwatiwa ndi Thomas Kyme, mwamuna amene poyamba adatomera mkulu wake, mkuluyo namwalira ukwati usanachitike. Anne ankaŵerenga Baibulo, nakhulupirira kuti mkate sukusandulika. Mwamuna wake, amene adali Mkatolika, adampirikitsa panyumba. Pa nthaŵiyo mfumu Henry VIII, ngakhale idakana ulamuliro wa Papa, idaika lamulo mu 1539 lakuti wokana kusandulika atenthedwe. Anne adagwidwa ku London, namkoka ziŵalo pa chipangizo chozunzira anthu kuti atchule akazi ena ogwirizana naye, koma sadatchule ngakhale mmodzi. Pa 16 July 1546 adamnyamula pampando, poti sankatha kuyenda, nakamtentha ku Smithfield. Adali ndi zaka pafupifupi 25.

Patapita zaka 40 mphepo idatembenuka. Ku York kudali Margaret Clitherow, mkazi wa wogulitsa nyama. Iye adaloŵa Chikatolika pa nthaŵi ya mfumukazi Elizabeth I, pamene Misa idali yoletsedwa, ndipo ankabisa ansembe kuti anthu alandire Ukaristia. Atagwidwa adakana kuyankha mlandu, kuwopa kuti ana ake angaumirizidwe kuchitira umboni wotsutsa mai wao. Pa 25 March 1586 adamgoneka pansi, namsanjika chitseko ndi zinthu zolemera kufikira adafa. Mpingo wa Katolika udamtchula woyera mu 1970. Akazi aŵiriŵa akadakumana akadatsutsana zolimba, koma onse adaona Mgonero kukhala chinthu choposa moyo wao. Tsono yang'anani amuna ao. John Clitherow sadatsate mkazi wake m'Chikatolika. Adatsala mu mpingo wa boma. Komabe sadampirikitse, ndipo ankamlipirira chindapusa pamene aboma ankamlanga chifukwa chosapita ku tchalitchi chao. Kyme ndi Clitherow onse adali ndi akazi a chikhulupiriro chosiyana ndi chao. Wina adatseka chitseko, wina adamasula chikwama. Mau ameneŵa muŵaŵerengereko abambo a kunyumba.

Kodi lero zili pati? Mu 1973, ku Leuenberg pafupi ndi Basel, mipingo yambiri ya ku Ulaya yotsata Luther ndi yotsata Zwingli ndi Calvin idasaina pangano lolandirana pa gome la Ambuye. Padapita zaka 444 chichitikire msonkhano wa ku Marburg. Adamvana kuti Khristu wouka kwa akufa amadzipereka yekha kwa olandira mkate ndi vinyo, naleka kutembererana pa za mmene zimachitikira. Pakati pa Akatolika ndi mipingo inayi zokambirana zilipo, koma gome likadali losiyana. Malamulo a Mpingo wa Katolika a mu 1983 salola Mkatolika kulandira Mgonero ku CCAP kapena ku mipingo yonga imeneyo. Munthu wa mipingo imeneyi saloledwanso kulandira Ukaristia, kupatula pa zovuta zazikulu monga pamene ali pafupi kufa, mbusa wake palibe, wapempha yekha, ndipo akukhulupirira monga Akatolika pa za sakramentilo. Chifukwa chake nchakuti kwa Akatolika kulandira pamodzi ndi umboni wakuti mwagwirizana kale m'chikhulupiriro chonse. Pa za maukwati, kuyambira mu 1970 Mkatolika ndiye amalonjeza kuchita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'Chikatolika. Mnzakeyo amangodziŵitsidwa za lonjezolo, saumirizidwa kulonjeza.

Nanga ife amai titolepo chiyani? Choyamba, tisiye kunamizirana. Mai wa Mvano kapena wa Chigwirizano asanene kuti Akatolika amapembedza ufa wa tirigu. Iwo amagwadira Ambuye amene akhulupirira kuti ali pomwepo, ndipo amasala chakudya ola lathunthu asanalandire, ndi kuyamba aulula machimo akulu kwa wansembe. Nayenso mai wachikatolika asanene kuti a CCAP amangodya buledi wamba. Anthu odya buledi wamba sachita mapemphero okonzekera, savala mwaulemu chotero, ndipo salira misozi akaimitsidwa ku Mgonero chifukwa cha mlandu. Ngati mufuna kutsutsa chikhulupiriro cha mlamu wanu, yambani mwachifotokoza bwino kotero kuti iye mwini avomere kuti mwanena zoona. Mukalephera pamenepo, ndiye kuti mukulimbana ndi chithunzithunzi cha m'mutu mwanu.

Chachiŵiri, musalandire mozemba. Alipo ena amene amaloŵa pamzere ku mpingo wa eni ake chifukwa cha manyazi, kuwopa kuti anthu angaŵayese odulidwa kapena a mlandu. Kutero nkunyoza eni nyumba ndiponso kunyenga mtima wanu womwe. Kukhala pansi mwaulemu ndi kupemphera chamumtima pamene ena akulandira si chamanyazi. Mlendo wamakhalidwe savundukula mphika wa mwini nyumba. Ngati simudziŵa mwambo wa kumaloko, funsani abusa, abambo mfumu kapena akulu a mpingo mapemphero asanayambe, ndipo funsaninso ku mpingo wanu. Inu eni mpingo, musamtembenukire mlendo wotsala pabenchi ndi maso ofunsa. Potuluka mpatseni moni woyamba.

Chachitatu nchokhudza ana athu amene akufuna kuloŵa m'banja. Nkhani ya mpingo ikambidwe poyera pamaso pa ankhoswe chinkhoswe chisanachitike: ukwati udzadalitsidwa kuti, ana adzabatizidwa kuti, ndipo mkazi adzatsata mwamuna kapena adzakhala kwao. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto umazimitsika bwino usanafike padenga. Mtsikana wofuna kutsata mpingo wa mwamuna aloŵe kalasi, aphunzire, ndipo avomere ndi mtima wake. Wongosamuka chifukwa cha kuwopa apongozi amakhala zaka zambiri thupi lili kuno, mtima uli uko, osalandira ku mbali iliyonse, ndipo mapanga aŵiri avumbwitsa. Nayonso mbumba ya mwamuna idziŵe kuti chikumbumtima cha mkamwana kapena mtengwa sichigulidwa pamodzi ndi ziŵiya za kukhitchini.

Chachinai, mwana akafunsa, muyankheni zoona monga mwa msinkhu wake. Mukhoza kumuuza kuti, "Atate ako ndi ine timakonda Ambuye mmodzi. Kwao amakhulupirira kuti mkate umasanduka thupi la Ambuye. Kwathu timakhulupirira kuti mkate umakhalabe mkate, koma Ambuye amatidyetsa mumtima pamene tikuudya. Popeza mipingo yathu siinamvane pamenepa, aliyense amalandira kwao, ndipo timapempherera tsiku limene tidzalandire pamodzi." Mwana woleredwa ndi mau otere amakula akulemekeza agogo ake a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe. Koma womva amai ake akuseka mapemphero a atate ake amaphunzira kuseka mapemphero onse, ndipo tsiku lina adzaseka anu omwe.

Pomaliza tikumbukire kuti mlandu woyamba wa Mgonero umene udalembedwa sudali wa kaliwu kaja ai. Ku Korinto Akhristu ankasonkhana aliyense ndi chakudya chake. Olemera ankayamba kudya nakhuta, ena mpaka kuledzera, pamene osauka ankafika mochedwa napeza mbale zili mbee. Paulo adaŵadzudzula kuti pochita zimenezi sakudya konse Mgonero wa Ambuye, naŵalangiza kuti aziyembekezana. Langizo limeneli lifika kwa Mkatolika, kwa wa CCAP, kwa wa Anglican ndi kwa wa Chipentekoste mofanana. Za kusandulika kwa mkate adzapitiriza kukambirana ndi maepiskopi, abusa ndi aphunzitsi, ndipo ife sitingazithetse pamtondo. Koma mkazi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanu amene wagona ndi njala, ndi mlamu uja simudalankhulane naye chichokere maliro a chaka chatha, ameneŵa ali m'manja mwanu. Musanavale yunifolomu yanu kapena kumanga duku loyera kupita ku gome la Ambuye, yambani mwapita kwa iwo. Tsalani bwino, amai anzanga, tidzachezanso sabata yamaŵa.